Kalinya ya Bambo Sipita ku Sukata

Lolemba

Akazi anga, amake Rosita, alamula: pofika Lamulungu kalinya ya malemu bambo ichoke pabwalo lawo, apo ayi aitana ogula sukata, zitsulo zakutha zija, adzaidule ndi moto. Akuti ndi chitsulo chabe. Chitsulo! Galimoto imene inkakwera chitunda cha Zobue itasenza nsomba zouma, osatsokomola n'komwe.

Galimoto zakale zotere ndinali nazo zitatu. Pa ziwiri amake Rosita anandigonjetsa kale. Iyi ayi.

Injini ilipo, ndaitsuka ndekha. Zosowa ndi zimene ndinasungitsa kwa abale pamene a mgodi ankatisamutsa ku Benga:
chitseko cha woyendetsa
mpando
mamola, zitsulo zazitali zapansi zija
janti imodzi yovekapo tayala

Sindikupempha munthu. Ndikukatenga zanga. Masiku anayi akwana.

Lachiwiri

Chitseko. Chili kwa alamu anga a Zakariya, chikutseka khola la mbuzi. Galasi likukwerabe ndi kutsika bwinobwino, amalitsitsa masana kuti mbuzi zipitidwe mphepo.

"Chotsani, alamu. Koma afisi mukakambirane nawo nokha."

Chabwino. Kalinya za kale zinkayenda popanda chitseko. Kuno n'kotentha.

Lachitatu

Mpando. Msuweni wanga Joakimu, wometa pamsika wa Moatize, amakhazikapo makasitomala. Ndikufotokoza nkhani yanga, iye makina ali m'manja.

"Epa, pirimu, khala pamzere, tikambe ukafika."

Ndakhala. Ndafika. Wandimeta mpala. Mpando ukadali wofewa ngati kale, ndatsala pang'ono kugona. Nditadzidzimuka kumbuyo kwanga kuli anthu asanu, onse akundiyang'ana ngati wakuba.

Ndabwerera ndi mutu wosalala, fumbi la malasha lamatirira pamenepo. Ndidzakhalira ndowa. Vuto lili pati?

Lachinayi

Mamola. Amalume a Fabiau, osula zitsulo, andilandira ndi chimwemwe chokayikitsa. Mamola anga tsopano ndi:
makasu anayi
nkhwangwa
zikwanje ziwiri

"Chitsulo cha kale, mphwanga! Nthaka ya miyala anatipatsa kunoyi, khasu la m'sitolo limapindika tsiku lomwelo."

Ndafunsa kumene kuli makasuwo. Limodzi lili kunyumba kwanga. Amake Rosita akhala akulimira dzinja lachitatu tsopano, ndipo akudziwa kumene linachokera. Ine ndemwe ndimalinola!

Sindiyankhula ndi munthu lero.

Lachisanu

Ndakwera shapa, minibasi ya kuno, mpaka Zobue, nkhuku ya eni pamiyendo. Janti ili pamtengo kutsogolo kwa katchalitchi ka kwawo kwa azakhali, ndiyo belu. Akatekisita aimenya kuti ndimve.

"Imamveka mpaka ku Malawi, bambo. Mabanja awiri a tsidya linalo amapemphera kuno chifukwa cha iyoyi."

Ndanena kuti ndi yanga. Avomera. Ndanena kuti ndikuitenga. Aitana azimayi a kwaya amene amasesa panja, andizungulira, ayamba kundiimbira nyimbo yothokoza wopereka belu. Ndime zisanu ndi imodzi. Munthu ungamasule waya anthu akukuvinira?

Andipatsa kabichi awiri. Kunena zoona, jantiyo imalira bwino.

Loweruka

Zimene ndabweza: palibe.

Koma sindinapite kusekondale kukasewera. Lamulo likuti kalinya ichoke pabwalo. Amake Rosita apita kumunda m'mamawa, ine ndazula mpanda wa bango wa kumsewu, ndaubweza mkati mapazi asanu ndi awiri, ndaumanganso. Kalinya ili kunja. Sinasunthe ngakhale pang'ono, monga mwa ulemu wake.

Bafa nalo latsala kunja. Zimenezo tiona.

Lamulungu

Dzulo amake Rosita anayang'ana mpandawo nthawi yaitali. Anangoti, "Za kunja si zanga." A sukata sanaitanidwe. Ndapambana!

Pochokera kutchalitchi ndapeza izi. Kumbuyo kwa kalinya azimayi atatu ayala tomato ndi anyezi. Odikira shapa akhala pamthunzi wake. Wina wamangirira mbuzi kubampala. Pamwamba pa injini, malo abwino kuposa onse, pali beseni la mandasi, ndipo wogulitsa ndi amake Rosita. Akuti pamsewu mpa aliyense.

Ndatenga ndowa, ndakhala kuchiwongolero. Ndauza onse kuti wokhudza injini aona. Palibe watembenuka.

Bambo wina wotsika shapa wandipatsa moni, wafunsa ngati ndine mlonda wa msikawu.

Ndavomera.