Giza ya M'kalavani Ikudontha

Lolemba
Kalavani ya bwana ikudontha. Ndi chigalimoto chokhala ndi bedi ndi bafa m'kati, chimene amakagonamo kuchipululu nyengo yozizira. Pano changoima kuseri kwa nyumba kuno ku Al Duhail, mumzinda wa Doha, chopanda wochiyankhula ngati ine. Bwana ndi banja lake lonse athawa kutentha, ali kunja kwa dziko. Madzi akuchokera pa kavalavu ka giza yotenthetsera madzi osamba. Tho! Tho!
Ndatumiza vidiyo. Bwana akuti: "Ukonze kaye, off pambuyo. Yalla, fulumira."
Koma Lachisanu tikutsanzikana ndi a Gondwe ku Al Muntazah kumene timakumana a kwathu, akupita kumudzi osabweranso. Mnzanga muno ndi iwowo basi, ndipo ndi amene anditengere nsapato za mwana wanga Tadala. Kadontho komweka? Mawa katha.

Lachiwiri
Zida: sipanala, tepi yoyera, chidebe, kulimba mtima.
Ine ndi dalaivala, si pulambala, koma madzi ndi madzi. Mlonda wa nyumba yoyandikana, wa ku Nepal, akundilozera ndi manja pamwamba pa mpanda: kweza kachogwirira ka valavuyo, zinyalala zituluke. Ndakweza. Madzi owira paphazi! Ndavina beni ndekhandekha, wondiimbira ng'oma palibe.
Ikudonthabe.

Lachitatu
Ndakhuthula madzi onse, ndadzazanso. Tho! Ndakulunga tepi. Tho! Ndagula valavu ina pasitolo yapafupi, wogulitsa akulumbira kuti "same same". Siikulowa n'komwe.
Kuzemba Lachisanu sikutheka. Pageti pali kamera, ndipo bwana amaiyang'ana kuposa ana ake.
Lero pakamwa panga patuluka mawu awiri okha, onse otukwana valavu.

Lachinayi
Nzeru za kwathu! Paipi ikadontha ku Ndirande timaitani? Timamanga ndi mphira. Ndacheka chubu chakale, ndatseka kukamwa kwa valavu, ndakunga mpaka manja kuwawa.
Zii! Pansi pauma.
Bwana watumiza kachithunzi ka chala chachikulu pafoni: off yatheka. Ndasita malaya, ndakulunga nsapato, ndikuimba ngati ndili mukwaya. Azungu anapanga kalavani, koma mphira sanaiganize.

Lachisanu
Ndavala kale, ndikupita kugeti. Madzi akutsika pamasitepe a kalavani.
Atasowa potulukira adzipezera okha njira: paipi yapansi pa bedi yasolomoka. Zanyowa: kapeti, makushoni, matiresi, nsalu yopempherera ya bwana. Mayo ine!
Ndavula malaya, ndagwira chikolopa.
Uthenga wa a Gondwe, kumbuyo kukumveka kuseka kwa Chichewa: "Achimwene muli pati? Ma-guys onse afika, nyama ikutha. Five ndikunyamuka, khalas, zatha. Pasulo ija bwanji?"
Ndaumvera kangapo. Kusekako ndiye kukundipweteka. Ndalira pang'ono, poti m'kalavani munanyowa kale.

Loweruka
Makushoni padzuwa. Dzuwa la kuno lili ndi ntchito imodzi yokha yabwino.
Ndabwezera paipi, ndadula mphira. Tho! Tho! Tabwerera pa Lolemba, kungoti a Gondwe kulibe.
Atumiza chithunzi ali m'minibasi kwathu, akukukuta chimanga chootcha. Anthu ena alibe chisoni.
Tadala pafoni: "Adadi, nsapato zili m'chikwama chiti cha ankolo?" Ndati zikubwera pa ndege ina. Wati chabwino. Bola akanakwiya.

Lamulungu
Bwana waimba, ali wosangalala. Akuti wangokumbukira: giza anaisiya yoyaka chichokereni kuchipululu. Madzi akatentha amafufuma, valavu n'kulavulako pang'ono, ndiyo ntchito yake. "Ungozimitsa. Ndani amatenthetsa madzi ku Doha nyengo ino?"
Ndadina kabatani. Yasiya.
Za kapeti sindinanene.
Akuti ndagwira ntchito yabwino, off nditenge lero. Lero! Tsiku limene Doha yense ali pantchito, ku Al Muntazah kulibe ndi mmodzi yemwe wondiyankha kuti zikomo.
Ndavalabe malaya. Ndakhala pasitepe ya kalavani, pasulo pamwendo. Ndafunsa pagulu la pafoni ngati pali wina wopita kumudzi. Wina wayankha kuti mwina Disembala.
Pofika Disembala phazi la Tadala lidzakhala litakula.