Ndinachoka osacheuka, Tadala osandiitana

Pamsewu wa ku Bembeke, pomwe timapikula ndi kugulitsa mbatata ya kachewere, funsani aliyense: palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera. Chida changa ndi chimodzi. Mlimi akakakamira pamtengo wake, ndimapukuta m'manja, n'kutembenuka, n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, osacheuka. Ndisanaponde kakhumi ndimamva kumbuyo, "Bwerani, achimwene, tikambirane." Zaka zonsezi sichinandigwiritsepo fuwa lamoto. (Ndikanadziwa, bwenzi nditachisiya kumsewu komweko.)

Mwana wanga Tadala, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anagwa mumtengo wa magwafa n'kuthyoka mwendo. Kuchipatala anamuika chikhakha kuyambira kuphazi mpaka pabondo, ndipo njira ya kusukulu, ya zitunda ndi miyala ija, inakhala yosatheka. Aphunzitsi ake, a Nabanda, anabwera kunyumba ndi pepala la mawu makumi awiri.

"Aziphunzira pakhomo pompano," anatero. "Lachisanu la sabata yachitatu ndidzabwera kudzamulembetsa. Akalephera abwereza Sitandade 2, anzake apite okha."

Tadala atamva zobwereza analira mpaka galu anatuluka pansi pa nkhokwe.

Mayi ake anali otanganidwa kudimba. Ine ndine mkamwini pamudzi pano, ndipo mkamwini akapeza mpata woonetsa kuti sanabwere kudzangodya, saulekerera. Ndinadzimenya pachifuwa. "Munthu amene amagonjetsa madalaivala a malole angalephere kamwana? Ndipatseni masiku atatu." Apongozi anga aakazi, popeza mwambo suwalola kundiyankha maso ndi maso, ali ndi chizolowezi cholankhula ndi nkhuku zawo mokweza. Tsiku limenelo anaziuza kuti, "Tiona, anzanga, ngati tambala wolira kwambiri amafungatira mazira."

Vuto la Tadala linali laling'ono koma lokakamira. Ankaiwala h. Khasu lake linalibe h, phiri chimodzimodzi, ndipo kachizindikiro ka pa ng'ombe ankakaika paliponse pamene pensulo yatopera. Ndinamuphunzitsa njira imene ine ndinaphunzira ndi chikwapu: ika dzanja pakamwa, tchula liwulo, mpweya ukakuomba ndiye kuti h alipo. Anaikonda njirayo, koma m'malo mwa dzanja ankauzira m'khutu mwa galu.

"Lero tilemba mawu khumi," ndinatero m'mawa woyamba.

"Awiri."

"Iwe, si pamsika pano. Asanu ndi atatu."

"Atatu, ababa. Pomalizira penipeni. Mwendo ukuyabwa."

Ndinaseka, ndipo ndisabise, ndinanyada. Magazi anga enieni! Tinagwirizana anayi, basela ine ndimukande m'chikhakha ndi kaudzu. Pa anayiwo analakwitsa atatu.

Masiku atatu aja anasanduka sabata. Ndinayesa mtedza wokazinga, liwu limodzi njere zitatu. Anatola njere imodzi, kuitembenuza, kuinunkhiza, kukwinya mphuno ndendende momwe ine ndimachitira ndi mbatata ya alimi, n'kunena kuti, "Wa chaka chatha uwu. Zisanu." Ndinayesa nyimbo, anati ndiyimbe ine, iye aziomba m'manja, ndipo manja oomba sangagwire pensulo. Ndinayesa kukalipa, koma mwana wachikhakha ungamukalipire bwanji agogo ake ali apo akusenda nandolo?

Nthawi yonseyi mtima uli kumsewu. Pakhomo pathu pali pamtunda, malole akaliza hutala pansipo timamva. Hutala iliyonse inali kasitomala wanga akugula kwa wina. Ndinkakhala pamphasa, kudzuka, kuzungulira nkhokwe, kubwereranso, kusongola pensulo yosongoka kale. Sabata yachiwiri inatha pensulo itafupika ngati chala chaching'ono, h osapezeka.

Linafika Lachitatu la sabata yomaliza, m'mawa wa nkhungu, mwezi wa Juni. Ndinati tilembe onse makumi awiri. Tadala anati limodzi. Limodzi! Ngakhale mlimi woledzera sanandiyankhepo chonchi. Apo m'pamene ndinatulutsa chida chachikulu chija. Ndinatseka kope, kulikwapatira, kupukuta m'manja.

"Basi, takanikana. Ine ndapita. Ukhale mu Sitandade 2 mpaka umere imvi."

Ndinatembenuka. Kuponda kamodzi, kawiri, pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Kakhumi ndinali pankhokwe. Zii. Kamakumi awiri ndinali pakhola la mbuzi. Ziii. Ndinaima ngati ndikukonza patapata. Mawu okha amene ndinamva anali a apongozi: "Taonani, anzanga, tambala uja akupita kukaikira kwa eni."

Tsono lamulo la chida chimenechi ndi loti wobwerera osaitanidwa ndiye waluza. Ndinapitirira. Ndinadutsa madimba, kuwoloka kamtsinje, nkhungu n'kusanduka mvula yowaza, ine ndili ndi malaya okhaokha. Pakachisi ndinayenda ngati wodwala nyamakazi, kuti mwina atuma munthu. Palibe. Munthu wochoka mokwiya ayenera kukhala ndi kopita, ndiye ndinakafika mpaka kumsewu, n'kukhala pambali pa anzanga osewera bawo, mano akugundana, kope la mwana kukhwapa.

Sipanapite nthawi, njinga inaima patsogolo panga. A Nabanda.

"Bambo a Tadala, kope la mwana likutani kumsewu?"

"Ndimati ndiligulire chikuto, Madamu."

"Chabwino ndakupezani. Lachisanu tili ndi msonkhano kuboma, ndiye ndati ndimulembetse lero. Tiyeni."

Kuzizira konse kunathawa. Ndinawalanda njinga kuti ndiwakankhire pachitunda, ndipo sindikhulupirira kuti ilipo njinga ina imene inakankhidwapo mochedwa chonchi. Njira yonse ndinali kunenerera.

"Madamu, mawu khumi sangakwanire? Mwanayu wavutika."

"Makumi awiri."

"Khumi ndi asanu, enawo adzamalize chikhakha chikachoka."

"Si mbatata izi, bambo."

Tsiku limodzi, kugonja kawiri, ndisanafike n'komwe pakhomo. Ndinayamba kuona Tadala atakhala m'kalasi ya ana aang'ono, anzake akumusuzumira pawindo, chifukwa cha bambo wake amene anathawa ndi kope.

Tinamupeza pamphasa pomwepo, mwendo atautambasula, khala m'manja. Chikhakha chonse chinali bii, kuyambira pabondo mpaka kuzala. A Nabanda anawerama n'kuyamba kuwerenga. Khasu, phiri, thumba, ng'ombe, onse makumi awiri, h aliyense ali pamalo pake. Pepala lawo lija linali m'kati mwa kope, kukhwapa kwanga, litanyowa.

Aphunzitsi sakhulupirira msanga. Anaphimba mwendowo ndi chitenje, kundilanda kope, n'kuyamba kutchula mawu mosakaniza. Tadala ankaika dzanja pakamwa, kuuzira, kulemba. Analakwitsa limodzi lokha. "Apita ndi anzake," anatero a Nabanda. "Mwamuphunzitsa bwino, bambo, ngakhale njira yanu yophunzitsira muli kumsewu sindinaimvepo."

Atachoka, ndinakhala pamphasa.

"Iwe, unawadziwa liti mawuwa?"

"Sabata yoyamba."

"Nanga bwanji unkandizunza?"

"Si inu mumati katundu wabwino saonetsa poyamba?"

"Chabwino. Nanga osandiitana bwanji? Ndanyowa ngati nkhuku."

Analoza pamsomali wa pakhonde. "Munasiya chipewa. Mumati wogula akasiya kanthu kake, usavutike, abwera yekha."

Ndinafuna kukalipa, koma anali asanamalize. Anayang'ana chikhakha chake, kukanda chilembo chimodzi ndi chikhadabo, n'kunena motsitsa: "Komanso ndikanalemba onse tsiku loyamba, mukanabwerera kumsewu. Ine ndikanatsala ndi galu."

Ndinatola kaudzu n'kuyamba kumukanda, osapemphedwa, osanenerera. Ulendo uno nkhuku za apongozi sizinauzidwe kanthu, ngakhale ndinamva kakuseka kukhitchini.

Pano Tadala ali mu Sitandade 3, amathamanga ngati sanathyokepo. Ine ndinabwerera kumsewu ndipo chida changa sindinachitaye, kungoti masiku ano ndisanatembenuke ndimagwira kaye kumutu kuona ngati chipewa chilipo. Loweruka masana sindigulitsa; ndimakhala pamphasa, ndipo mawu timayambira pa khumi n'kuthera pa anayi.

Anzanga a bawo amati kamwana kanandidya masabata atatu ndi mtedza wa chaka chonse. Ine ndimati njira ya dzanja pakamwa inali yanga, ndipo mwana sanabwereze. Inu amene simunanyowe nawo tsiku lija, tanenani: anapambana ndani?