Nkhuku za Chinkhoswe M'bafa la Tadala

Nkhani iyi bambo a Tadala amaidziwa theka lokha, ndiye ngati mumawadziwa, chonde musakawawonjezere theka linalo. Ndikuilemba chifukwa yakhala ikundikereketa pamtima chaka chonse, komanso kuti mtsikana wina akadzatsika ndege kuno ku Perth, ku Australia, ndi nzeru za kwathu m'chikwama, adziwe kuti zina ndi zofunika kuzisiya pa eyapoti.

Timakhala ku Cannington, m'kanyumba kakumbuyo, kobisika kuseri kwa nyumba ina, kozunguliridwa ndi mpanda wa malata moti msewu sitiuona. Bambo a Tadala amakonza magalimoto akuluakulu ku mgodi, kumpoto uko, masabata awiri kuntchito, imodzi kunyumba. Nthawi imeneyo ndinali nditangotha miyezi isanu m'dziko muno, Tadala asanayambe n'kuyenda komwe, ine ndi Chingerezi changa cha Sitandade 7 (chokwanira kupereka moni ndi kupepesa basi).

Amayi a kutchalitchi kwathu ambiri ndi manesi, ena a madigiri awiriawiri. Akamacheza ine ndimangomwetulira n'kumatsuka makapu. Ndiye tsiku limene Anachisale, amene ndi mayi wathu tonse kuno, ananditengera pambali n'kunena kuti, "Make Tadala, firiji yako yaikulu ija ili ndi malo? Undisungireko nkhuku za chinkhoswe cha Thoko wanga," ine ndinamva ngati andipatsa unduna. Sizinali nkhuku wamba. Zinali zachikuda, khumi ndi zisanu, zolimba bwino, zimene anazidikira miyezi iwiri kwa mlimi wina kuseri kwa Midland. Malume ake a mkamwini ankabwera kuchokera ku Ntcheu, ndipo Anachisale anachita kulumbira kuti munthu wokhala m'ndege masiku awiri sangamudyetse nkhuku za m'sitolo zija, zoti ukaluma umangomva madzi.

Kutatsala sabata imodzi, Loweruka m'mawa, kunabwera chimphepo. Kuno mvula imagwa nthawi yozizira, mu Julaye (mpaka pano sindimvetsa kuti anakonza ndani zimenezo). Mpanda unkalira ngati mgolo, mabini a zinyalala akugubuduzika okha, nthambi zikuuluka. Cha m'ma seveni, ndikutakasa phala la mwana, sitovu inangoti zii. Firiji zii. Nyumba yonse zii.

Mantha ndinali nawo, chifukwa ndinali ndekha ndi mwana. Koma ndiulule, kamtima kena kanasangalala. Kuyendetsa galimoto sindidziwa, mafomu amandizunguza mutu, koma kuthima kwa magetsi, ine wokulira ku Kawale, digiri yake ndili nayo. Ndinadziuza kuti lero Australia aona.

Choyamba ndinabereka Tadala, n'kuthamangira panja pa kabokosi ka mita, n'kutsitsa swichi yaikulu. Kwathu limenelo ndi lamulo. Magetsi aja akamabwerera amabwera ndi ukali, anatipserezapo wailesi ndi ayironi tsiku limodzi, ndiye mayi anga anatiphunzitsa kuti akathima, tsitsa swichi, udikire. Ukufunsa kuti ndiye udziwa bwanji kuti abwera? Kwathu limenelo si funso. Ana a mudzi wonse amakuwa okha kuti "Ayakaa!", mawu n'kumayenda nyumba ndi nyumba mpaka kumsika. Ngakhale uli m'tulo umadziwa.

Chachiwiri, jenereta. Bambo a Tadala anagula yogwiritsidwa kale ntchito titangofika, anzawo akuwaseka kuti kuno ikhala yokongoletsera galaja. Anandionetsa kamodzi kayatsidwe kake, n'kundiopseza kuti, "Osailowetsa m'nyumba, ngakhale m'galaja. Utsi wake umapha munthu asanadziwe." Zimenezo ndinamvera. Ndinaikokera kumapeto kwa khonde lakumbuyo, kutali ndi mawindo, n'kuimangirira ku chipilala ndi tcheni cha njinga (anandiseka pambuyo pake kuti wakuba wake akanachokera kuti m'mvula imeneyo, koma ine jenereta yosamanga sindinaionepo). Ndinakoka chingwe chamagetsi kuchokera ku firiji, ndinatsegula petulo, ndinakankha kachoko, n'kuyamba kukoka chingwe choyatsira. Kukoka, zii. Kukoka, zii. Tadala kumsana akungoseka, akuyesa ndi gule. Phewa litatsala pang'ono kuguluka, pafupifupi ola lathunthu litatha, inatsokomola n'kulira.

Abale, kulira kwake. Kuno kumakhala chete moti galu akayetsemula nyumba yachitatu umamva. Jenereta ija inkangoti phwephwephwe ngati chigayo cha dizilo. Koma firiji inayamba kung'ung'udza, ine mtima m'malo. Ndinafunda bulangete, ndinakhala pafupi ndi windo lakukhitchini, makutu tcheru, kudikira ana akuwe.

Chimene chinandigwira maganizo n'chakuti, kodi azungu amatani magetsi akathima? Ndinkafunitsitsa kuona. Kodi amatulutsa mbaula? Amakhala pakhonde n'kumadandaulirana ngati ife? Mpanda uja uli ndi kampata pakona, ndiye ndinkapita kukasuzumira kwa a Bobu, agogo achizungu oyandikana nafe, amene amakhala okha ndi kagalu kawo.

Cha m'ma naini ndinamva fungo la buledi wootcha. Ndinati ali ndi gasi. Kenako ndinamva makina ochapira akuzungulira. Ndinaima kaye. Ndinati, ooh, ndiye kuti kuli majenereta ena osalira, a anthu olemera, bambo a Tadala anangogula yotchipa. Kenako chitseko cha galaja ya nyumba yakutsogolo chinakwera chokha monga mwa masiku onse. Ndinati mabatire. Ndinamvanso TV ikuonetsa mpira wawo uja wogwira ndi manja. Ndinagwedeza mutu n'kuuza Tadala kuti, "Waona anzathu? Magetsi kuthima, moyo osasintha. Chitukuko ndi chimenechi mwana wanga." (Pamenepa musaseke msanga, inunso muli ndi zanu.)

Cha m'ma teni kunamveka kugogoda. Kusuzumira pa katani, a Bobu, atavala chijasi chamvula. Ndinatseka katani msanga. Bambo a Tadala anandichenjezapo kuti kuno ukasokosa, neba sakutukwana ngati kwathu, amangolemba kalata kwa eni nyumba, mawa lake mukusaka kokhala. Ndinagwada kuseri kwa sofa, n'kumuika Tadala kubere kuti asatulutse mawu. Anagogoda katatu, anaitana, anapita. Ndinadziyamikira kuti ndapulumutsa banja.

Anachisale ananditumizira uthenga ali kuntchito: "Mwadzuka bwanji ndi mphepoyi kumeneko?" Ndinayankha kuti, "Tili bwino mayi, nkhuku zilinso bwinobwino." Zoti magetsi athima sindinanene. Ndinkafuna adzamve pambuyo pake kuti kamtsikana kosaphunzira kaja kanalimbana nazo kokha. Uku ndikutsegula firiji pafupipafupi, kuzidina ndi chala, kuziwerenga ngati zingathawe.

Itangokwana thwelofu, jenereta inayamba kusisima, inanjenjemera, n'kuzima. Petulo watha. Kachigubu ka m'galaja kanali kopanda kanthu. Ndinaimbira bambo a Tadala kasanu, koma foni amaitsekera m'kabati ya kuntchito mpaka madzulo. Kokagula petulo ndi kutali, mvula ikugwa cham'mbali, ndiponso sindinkadziwa ngati kuno amalola munthu wapansi kufika ndi chigubu, mwina ndi mlandu. Ndinatsegula firiji, ndinadina nkhuku yapamwamba, khungu lake linabonyoka pang'ono. Basi mutu unayamba kuthamanga, ndikuona nkhuku zonse zitawola, ndikuona malume a ku Ntcheu akununkhiza mbale, ndikuona amayi a madigiri akuyang'anana.

Ndipamene inabwera nzeru yachitatu ya kwathu: nyama sionongeka pali moto. Ukaiwamba imakhala ngakhale mwezi. Tili ndi mbaula imene bambo a Tadala anawotcherera okha, ndi thumba la makala. Vuto linali lakuti nkhukuzo zinali gwa ngati miyala, mpeni sukanalowa. Ndiye ndinadzaza madzi m'bafa, n'kuponyamo khumi kuti zisungunuke. Inde, mwamva bwino. Pofuna kuti nkhuku zisasungunuke, ndinazisungunula ndekha.

Pofika hafu folo ndinali pakhonde, nditazing'amba zinayi n'kuziyanika pa waya, utsi uli tolotolo, maso ali psuu, Tadala ali m'mpando wake m'nyumba akulira. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga.

"Make Tadala, kuli maliro?"

Anali Anachisale, ali mu yunifolomu, atanyamula katoni ya masamusa oti alowenso mu firiji.

"Ayi mayi, magetsi. Chithimireni m'mawa. Petulo anandithera, ndiye ndati ndiziwambe zisawole."

Anayang'ana mbaula. Anayang'ana jenereta ndi tcheni chake. Anaika katoni pansi pang'onopang'ono.

"Zimene zili pamotozi ndi za Thoko?"

"Zinayi zokha mayi."

"Magetsi athima, ukutero?"

"Dera lonse mayi."

"Dera lonse. Nanga ine ndadutsa pa maloboti akuyaka, ndi nyumba yakutsogoloyi nyale ili ngwee, amenewo ali dera lina?"

"Ali ndi majenereta osalira aja."

Anachisale anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira odwala awo, ndikuganiza. Kenako anafunsa motsitsa kuti, "Mwana wanga, bokosi la mita lili kuti?"

Ndinawatsogolera. Anatsegula, anakweza swichi ndi chala chimodzi. Nyumba yonse inadzuka. Nyale, TV, ngakhale phala lam'mawa lija linayamba kupsereranso pa sitovu.

"Unatsitsa ndiwe?"

"Kuopa angaotche zinthu pobwera."

"Ndiye umadikira chiyani kuti ukweze?"

Ndinayang'ana pansi. "Ana kuti akuwe."

Sanaseke pomwepo. Anagwira khoma kaye. A Bobu anatulukira ndi kagalu kawo, awiriwo n'kuyamba kulankhula Chingerezi chothamanga, agogo aja akuloza jenereta, akuloza chitseko changa. Atapita, Anachisale anandimasulira. "Akuti magetsi anathima mphindi makumi awiri basi. Pamene iwe umalimbana ndi chingwe n'kuti atabwera kale. Anabwera kudzakuuza, akuti anakuona miyendo kuseri kwa sofa, anangoti mwina ndi mapemphero."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Iwo anapukuta misozi ya kuseka n'kunena kuti, "Firiji yotseka imasunga tsiku lonse, bola osaitsegulatsegula. Komabe palibe kanthu, zinayi si zambiri. Khumi ndi imodzi zikwana."

"Mayi," ndinatero. "Tabwerani muone kubafa."

Zisanu ndi imodzi zinali kuyandama mmenemo, miyendo m'mwamba, pamodzi ndi tiabakha tapulasitiki ta Tadala, timene ndinaiwala kuchotsa. Apa kuseka kunatha. Anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ine ndine nesi," anatero. "Alendo anga sindingawapatse nkhuku zoti zasamba tsiku lonse ndi abakha."

Ndinalira, kulira kwenikweni, kopukutira chitenje. Ndinati ndikauza amayi onse ndekha kuti cholakwa ndi changa. Iwo anati, "Ukauza ndani? Khala chete. Tenga mwana, wazizidwa." Zisanu zotsala mu firiji anazinyamula n'kupita nazo kwawo, pamodzi ndi masamusa awo.

Pa chinkhoswe anaphatikiza ndi za m'sitolo. Zachikuda zisanu zija zinapita ku tebulo la ankhoswe, koma anthu anali ambiri, mbale zinasokonekera, ndipo malume a ku Ntcheu inawagwera ntchafu yoyera ya m'sitolo. Ine ndinali pafupi, ndikutolera mbale. Analuma, anatafuna, anaima.

"Amayi," malume aja anaitana Anachisale, "paja munalonjeza yachikuda. Iyi ndiye yakulira m'chipatala."

Ine ndinaleka kutolera mbale. Anachisale sanandiyang'ane n'komwe.

"Pepani achimwene, zambiri zinationongekera. Magetsi anavuta sabata yatha."

Malume aja anaika ntchafu pansi. Nkhope yonse inawala.

"Magetsi? Kunonso amathima?"

"Tsiku lonse, achimwene. Kuyambira seveni mpaka hafu folo. Funsani mwanayu, anali pomwepo."

Ananditembenukira. Ndinagwada pang'ono, mbale zili m'manja. "Zoona bambo. Mpaka jenereta inatha petulo."

"Mwamva inu?" anatero malume, akukoka mnzawo dzanja. "Tikangokhala timati kunja, kunja. Ku Australia, tsiku lonse." Anadya ntchafu ija yonse mokondwa, anapemphanso ina.

Ndamva kuti chibwerereni ku Ntcheu, nkhani imeneyi amaikamba pamaliro ndi paukwati pomwe, ndipo masiku ano akuti anathima masiku atatu. Anachisale sanauze munthu zoona zake mpaka lero, ngakhale nkhuku sanandisungitsenso, amangondipatsa zakumwa za m'mabotolo. Ndimadziwa kuti ndinaipitsa mbiri ya dziko la eni, loti landilandira bwino. Tsiku lina ndidzawaimbira malume aja n'kuwauza chilungamo. Koma munthu anasangalala chotero, ndiwalande chifukwa chiyani?