Foda Yomwe Ankati Mulibe Kanthu

Usiku watha ndinalota ndili kuntchito, anzanga, m'kachipinda kozizira kaja ka pakoleji komwe ndimasamala makompyuta. Paja m'mimba mwa kompyuta yathu yaikulu mumakhala timakompyuta tina tosaoneka ndi maso. Timakompyutati tilibe posungira zinthu pawopawo, katundu wawo yense amakhala mu seva, kompyuta yosungira zinthu ya pakona, ndipo timamupeza kudzera pa chingwe. Ndiye m'malotomo timakompyutato tinali ana asanu ovala yunifolomu, atakhala pasimenti, aliyense chingwe chabuluu chili pamchombo.

"Achimwene, tatsegula foda ya mu seva ija," anatero wamng'ono. "Mulibe kanthu."

Ndiye ndinalowa m'chingwemo, kukwawa chafufumimba mpaka ndinatulukira mu seva. Munali ngati mdadada wa nyumba zalendi. Ndikatsegula khomo, m'kati khomo lina, m'kati mwakenso lina. Chomwe ndimafuna ndimachidziwa. Chaka chatha memori khadi yanga itayamba kuvuta, ndinabisa mawu ojambula pafoni a malemu achemwali anga, a Mwaiwawo, m'foda ya pansi penipeni, osauza munthu. Ndi mphindi zinayi zokha, akuimba uku akuchapa. Kwina kulikonse kulibe.

Khomo lomaliza linali lotsegula, m'kati fumbi lokhalokha. Mwadzidzidzi chitseko chinatsokomola.

"Iwe, ana aja unawagawira foda yakunja yokha," chinatero. "Chipinda chino chili pa disiki ina. Wobwera pa chingwe amaona khomo basi, zam'kati saziona."

"Ndiye achemwali alimo?"

"Ika khutu pakhomapo."

Ndinamva madzi akukhavuka m'beseni, ndi nyimbo yawo ija chapatali, akuphonya mawu pamalo pomwe ankaphonya nthawi zonse.

Ndiye ndinangoona abwana athu, a Chimbalanga, akubwera m'khonde atanyamula pepala lomwe lija anamata kuofesi Lolemba, lonena kuti Lachisanu afufuta madisiki onse opanda kanthu. Akuyenda, miyendo yawo inayamba kunjenja pang'onopang'ono, khungu linatenga mtundu wa khoma, ndipo pofika pa ine anali nanzikambe wovala tayi, diso lina pa pepala, lina pa ine.

"Disiki iyi ikupita. Ana aona okha kuti mulibe kanthu. Pali wotsutsa?"

"Palibe, bwana," anayankha ana aja pamodzi.

Ndinatsegula pakamwa, koma munangotuluka kamphepo ngati ka fani ya kompyuta. Kunena kuti muli kanthu kunali kuulula kuti ndinasunga zanga m'makina a koleji. Ndinayesa kukweza dzanja, dzanjalo linakana, lili m'thumba.

"Mwana uyu Chifuniro ndimamukonda," anatero nanzikambe uja. "Chibwerereni sanandivutepo ndi liwu limodzi."

Ndiye lilime lawo linayamba kutuluka, lalitali, kudutsa makomo onse aja, kulunjika pa batani lofiira lofufutira disiki. Kuseri kwa khoma nyimbo inaduka, ndipo achemwali anafika paja mawu ojambulawo amathera: "Iwe, chotsa foniyo, sukuona ndili ndi thovu m'manja?"

Madzi aja anapitiriza kukhavuka okha, opanda woimba. Kukhavuka, kukhavuka, mpaka ndinazindikira kuti ndi ndowa ikudzaza pampopi panja pa zenera langa.

"Chifuniro," anaitana amayi, "lero Lachisanu, usachedwe."

Ndinagonabe chagada, ndikuyeserera chamumtima mawu atatu okha: bwana, muli kanthu. Ndowa inasefukira ndisanawatchule mokweza.