Tibwezereni Mulu Wathu wa Zinyalala

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Sesani Bwino,
Zomba.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine nkhalamba ya ku Matawale, mphunzitsi wopuma, ndipo ndalemba kuti ndithokoze. Mulu wa zinyalala umene unali kumunsi kwa chitsime chathu lero palibe. Thalakitala yanu inabwera, inaugumula n'kuusalaza bwinobwino, kenaka inapita. Ndinakumvani pa wailesi mukunena m'Chingerezi chokoma kuti muluwo uli "cleared". Pepani, chilankhulochi ndinachiphunzitsa zaka zambiri, choncho ndiloleni ndichonge pang'ono. Mawu amenewo amatanthauza kuti chinthu chachoka. Zathuzi sizinachoke.

Choyamba, Azungu ali ndi mawu angapo otsutsana ndi kuunjika, ndipo mwatigawira onse. "Scattered" ndi kumwazika: pa mpanda wanga wokha ndawerenga majumbo makumi asanu ndi awiri. "Spread" ndi kuyala, monga momwe mwayalira matewera a ana m'njira ya kutchalitchi. "Distributed" ndi kugawa, ndipo apa ndikukuomberani m'manja. Chiyambire zipani zambiri sindinaone chinthu chogawidwa mosakondera chonchi. Nyumba iliyonse yalandira gawo lake, ngakhale a Nasoro amene pa zogawidwa zonse dzina lawo limasowa.

Chachiwiri, mulu unali umodzi, ndipo ntchentche zinali ndi kwawo. Tsopano timilu tilipo makumi atatu ndi kamodzi. Titatu tili kumtunda kwa chitsime chimene tikumwapo mabanja asanu ndi anayi.

Chachitatu, mitambo yayamba kuunjikana pamwamba pa phiri. Mvula yoyamba idzamaliza ntchito yanu, ndipo mawu ake ndi "dissolved", kusungunuka. Mayi Loveness, oyandikana nane, anagonekedwa ndi kolera chaka chatha. Akuti kalasi imeneyo sakufuna kuibwereza.

Sindingayerekeze kupempha kuti zinyalalazi muzinyamule, poti ndamva kuti lole imamwa dizilo wambiri. Ndikungopempha modzichepetsa kuti mutiunjikirenso mulu wathu pamalo ake akale mvula isanagwe. Tinazolowerana nawo. Ngati nazonso n'zovuta, mvula ikagwa mudzabwere ndi amayi kunyumba, tidzamwe tiyi. Madzi ndidzatunga ndekha pachitsimepo, ndipo inu ndakusungirani kapu yaikulu.

Ine wanu wokuyamikani nthawi zonse,
Ellah Masautso (Mayi),
Matawale.