Kwa Bwana Okonda Mphika Wowala

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa kampani ya gasi wa zinyalala,

Ndine mkazi wa bambo amene amayang'anira mphika wanu wachitsulo, uja mumatsekeramo utuchi ndi makoko a nzimbe m'madzi otentha koopsa mpaka zisanduke gasi. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho ndingothokoza.

Choyamba, zikomo pogula mphika wa nikelo. Bambo a kwathu akuti chitsulo chimenechi chimathandiza zinyalala kutulutsa gasi wambiri, koma nacho chimadyeka ndi madziwo komanso mchere wa m'zinyalalamo. Wantchito wotere, wogwira ntchito uku akutha osadandaula, ndikudziwa mumamukonda.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha ukhondo. M'kati mwa mphikamo mumachita chikungwa chakuda chimene chimateteza chitsulo. Inu mukangomva kuti kubwera alendo, mumalamula kuti achipale mpaka mphika uwale, poti chitsulo chikakhala pambalambanda gasi amachuluka ndipo alendo amaomba m'manja. Inenso mapoto ndimakwecha, Bwana, ndipo mathero ake ndimawadziwa. Wina atabooka ndinadzalamo maluwa. Alendo ndiye simuwasowa, Mulungu apitirize kukudalitsani.

Chachitatu, madzi otuluka m'menemo masiku ano ndi obiriwira. Bambo a kwathu akuti ndi khoma la mphika likusungunuka. Inu munawayankha kuti ndi mtundu wa masamba. Ovololo yawo ndimachapa ndine, ndipo utuchi wobiriwira sindinauonepo, koma ndine yani ine.

Chachinayi, atapempha makina oyezera kuti khomalo latsala lochindikala bwanji, munati makina otere amabweretsa mantha pantchito. M'malo mwake munawapatsa mpando wofewa, pafupi penipeni ndi mphika, kuti azionetsetsa bwino. Msana wawo unasiyadi kuwawa.

Ine ndikuopa, Bwana. Chitseko chikamenyetseka kwa aneba ndimaponya mbale pansi. Ana tili nawo atatu, wotsiriza sanayambe n'kuyenda komwe.

Ndamva kuti sabata yamawa kubweranso alendo, ndipo opala ayamba kale ntchito. Pempho langa ndi laling'ono. Ulemu woyatsa mphika pamaso pa anthu akuluakulu sungayenere munthu wamba. Tsiku limenelo yatsani nokha, mukhale pampandopo, amayi akunyumba kwanu akhale pambali panu. Bambo a kwathu akakulondererani galimoto, kunja kwa mpanda.

Ine wanu wogwada,
Mayi wa ana atatu, pakadali pano mkazi wa munthu