Kabotolo Kosadikira Moni

Usiku watha ndinalota ndasenza ntchito yanga pamutu, Esinati, ndipo iwe Tiyanjane usayambe kuseka ndisanamalize. Mukudziwa kuti ku labu kwathu kuno ku Joni timapanga timadzi totulutsa cheza. Akabaya nato munthu timayenda m'magazi n'kukakakamira pamene pali khansa ya prositeti, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, kuti makina ojambula m'thupi aione. Vuto lake sitikhalitsa: ola likangodutsa pang'ono, mphamvu yatsala theka. Mukudziwanso kuti bambo anga akhala kwathu mwezi wathunthu kudzaona adzukulu. Chimene simukudziwa n'choti amapita kokataya madzi pafupipafupi, n'kukhalitsa komweko, ndipo ine amene ndimadyera ntchito yomweyi sindinatsegule pakamwa kuti akayezetse. Mwana wamkazi angaiyambire pati nkhani ya kumunsi kwa lamba wa bambo ake? Mantha ndili nawo, koma manyazi ndiye andikulira.

Ndiye m'malotomo timadzito tili m'kabotolo, kabotolo kali m'chigubu cha mtovu cholemera ngati ndowa ya mchenga wonyowa, ine ndaika pankhata, ulendo wa kwa bambo ku Mponela. Wapansitu. Kabotoloko kanali ndi mawu a mayi wogulitsa matemba, ndipo kanandiuza kuti ndikoke phazi poti iko sikanabadwire kudikira munthu.

Mwadzidzidzi ndafika pa chipata cha malire, koma chipatacho chili pakati pa munda wa fodya. Bwana wa pachipata atangovula chipewa khungu lake linabiriwira, ndiye ndikuona ndi nanzikambe wovala tayi, diso lina pa pasipoti, lina pa chigubu. Anakweza chidindo, n'kuima, n'kubwerera nacho m'mbuyo, n'kukwezanso. Anafuna kudziwa ngati wapaulendo wa m'chigubuyo ali ndi chithunzi. Ndinati iyeyo ntchito yake n'kujambulitsa anzake. Anati aiganizira nkhaniyo, ndipo anaiganiziradi, mwendo umodzi uli m'mwamba. Pamene chidindo chimagwa, kabotolo kanatsokomola n'kundiuza kuti katsala theka.

Ndiye ndikuthamanga, mizere ya fodya ija yasanduka mabenchi a pachipatala, ndipo pa benchi iliyonse pakhala akuluakulu a mpingo wathu, majekete atakolowekedwa m'manja. Kalaliki wolemba mayina anamera ndevu ndikumuona, kenaka nyanga, mpaka mbuzi yathunthu itagwira cholembera ndi chiboda. Inandifunsa kuti mankhwalawa akupita mbali iti ya thupi la bambo anga. Ndinanong'ona. Inati ndikweze mawu, imamva khutu limodzi. Mabenchi onse anatembenukira kwa ine.

"M'mimba," ndinatero.

Mbuziyo inalemba kuti njoka za m'mimba, n'kudya pepalalo, n'kuitana wina. Kabotolo kanati tsopano katsala theka la theka, ndipo ine ndiye ndakachititsa manyazi, sukulu yonse ija.

Mwadzidzidzi ndili pa khonde la sitolo pamene bambo anasokerapo zovala zaka makumi atatu. Ali pa makina awo, tepi ili m'khosi, akupinda buluku. Pambali pawo paima makina ojambula aja, obulungira ngati tayala la thirakitala, akudandaula kuti ayaka chiyambire m'mawa popanda wolowamo. Zonse zinali pomwepo, chotsala chinali pakamwa panga.

Ndinatula chigubu n'kugwada. Bambo anandilonjera, ine n'kuyankha. Anafunsa za ana mmodzimmodzi, za mkamwini wawo, za mvula ya ku Joni. Nane ndinafunsa za chimanga, za denga lodontha lija, za galu amene anafa ndili sitandade sikisi. Bambo anati galuyo ali bwino. Moni utatha ndinauyambiranso, ndipo bambo anayankhanso mwaulemu ngati sitinaonane.

"Nanga wasenza chiyani, Nagama?" anandifunsa.

"Madzi, bambo."

"Wachita bwino, kukutentha."

Kabotolo kanali katazilala, mawu a matemba aja atasanduka ngati a udzudzu. Kanandipempha kuti ndingotchula malowo basi, njira kakaipeza kokha. Bambo anakatulutsa m'chigubumo, n'kukayeza ndi tepi m'litali ndi m'lifupi, n'kupukusa mutu monga amachitira munthu akabweretsa nsalu yosakwana. Kenaka anaimitsa phazi pa makina n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndimayesatu wabwera kudzandifunsa kanthu," anatero. "Amayi ako akanakhalapo akanafunsa kalekale."

Pamenepo mtima unandipweteka zenizeni, osati zamaloto. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, ndiye mukutuluka mabatani okhaokha, oyera ndi akuda, kugubudukira pa simenti. Bambo anawerama n'kuyamba kutola limodzilimodzi, akuti ndi abwino awa, asatayike. Makina ojambula anadzizimitsa okha. Bambo anabwerera pa buluku lija, singano n'kuyamba kulira, kulira, mpaka kulirako kunatulukira kunja kwa maloto.

Ndinatsegula maso kutacha kale. Phokosolo limachokera m'chipinda cha alendo. Anali bambo akutseka zipi ya chikwama chawo. Basi yawo ya ku Lilongwe ikunyamuka lero 2 koloko masana.